Za Umoyo Wathu: Mankhwala a BP Sayenda Njira Imodzi

Mwezi uno tifuna tikambirane funso limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu amene akumwa mankhwala a matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kuno ku Nsadzo ena amawatchula kuti tensão, pamene abale athu a kutsidya kwa malire, ku Zambia ndi ku Malawi, amangoti BP. Funsolo n'lakuti: matenda ndi amodzi omwewo, nanga bwanji kuchipatala wina amam'patsa kambulu kamodzi, wina mibulu iwiri, wina itatu? Bwanji wina akamwa amakodza pafupipafupi, wina amatupa akakolo, wina amangotsokomola usiku wonse? Ena poona izi amaganiza kuti anamwino amakondera. Ena amati mankhwala a mnzawo ndiwo amphamvu, nayamba kubwerekana mapiritsi monga tibwerekana mchere. Kubwerekana kumeneku ndiko kwatichititsa kulemba, pakuti piritsi limene likusunga moyo wa bambo wa zaka 60 lingathe kuwononga mwana amene ali m'mimba mwa mayi wa zaka 30.

Tisaganize kuti awa ndi matenda a anthu olemera a m'mizinda okha. Kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique m'chaka cha 2005 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64, anthu 33 anali ndi BP yokwera. Atabwereza kafukufukuyo mu 2014 ndi 2015, chiwerengerocho chinali chitafika pa 39. Chodandaulitsa n'chakuti pa odwala 100, anthu 15 okha ndiwo ankadziwa kuti akudwala, ndipo mwa odziwawo, theka lokha ndilo linkamwa mankhwala. Ku Malawi kafukufuku wofanana naye wa mu 2009 anapezanso munthu mmodzi pa atatu alionse. Ndiye kuti tikakhala m'tchalitchi Lamulungu, pa benchi la akuluakulu asanu ndi mmodzi, awiri angakhale ali ndi matendawa, ndipo mwina onse awiri sakumva kupweteka paliponse.

Kuti timvetse kusiyana kwa mankhwala, tiyambe taganiza za mlimi amene akuthirira dimba lake ndi pampu ndi payipi. Madzi amakankha payipi mwamphamvu pa zifukwa zitatu: akachuluka m'payipimo, payipi ikapanikizika n'kuchepa njira, kapena wopopa akamapopa mwamphamvu. M'thupi mwathu pampu ndiyo mtima, mapayipi ndiyo mitsempha, ndipo zimene zimalamula kuchuluka kwa madzi ndi mchere m'magazi ndi impso. Namwino akatiyeza nati 150 pa 95, nambala yoyamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, yachiwiri ndi pamene wapuma kudikira kugunda kwina. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2021, linati munthu amene watsimikizika kuti BP yake imafika 140 pa 90 kapena kupyola ayambe mankhwala. Dzina loti kuthamanga kwa magazi limasokeretsa pang'ono, chifukwa vuto si liwiro ayi, koma kukankha. Kukankhako kukapitirira zaka, mtima umakula n'kutopa, impso zimawonongeka, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mankhwala alionse a BP amagwira pa chimodzi cha zinthu zitatu zija, ndipo apa ndi pamene pachokera kusiyana konse.

Amene ambiri tinayamba nawo ndi mankhwala okodzetsa otchedwa hydrochlorothiazide, amene kuchipatala amangowafupikitsa kuti HCT. Anayamba kupezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo kwambiri. Ntchito yawo ili mu impso. Amaletsa impso kubweza mchere wina m'magazi, ndipo mcherewo potuluka mu mkodzo umatenga madzi. Masabata oyamba BP imatsika chifukwa madzi achepa m'payipi. Pakapita nthawi kukodzakodza kuja kumachepa, koma mitsempha imakhala itamasuka, choncho BP imakhalabe pansi. Munthu asanene kuti mankhwala asiya kugwira ntchito chifukwa chakuti sakupitanso kuseri kawirikawiri monga poyamba.

Koma pamodzi ndi mchere wosafunikawo, HCT amatulutsanso mchere wina wofunika wotchedwa potassium. Ukachepa, munthu amafooka, akatumba amakokana usiku, ndipo nthawi zina mtima umagunda modumphadumpha. N'chifukwa chake pali piritsi lina limene muli HCT wosakaniza ndi amiloride, amene ntchito yake ndi kusunga potassium m'thupi. HCT amathanso kudzutsa nyamakazi ija yotupitsa chala chachikulu cha kuphazi mopweteka kwambiri, ndiponso kukweza shuga pang'ono. Kwa agogo athu amene akalamba kwambiri, mchere ukatsika mopitirira amayamba kusokonezeka mutu, ife n'kumati ndi ukalamba chabe kapena kuyamba kunena za ufiti, pamene chofunika chinali kuwayeza magazi. Piritsi limeneli limwedwe m'mawa. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene tikusosa m'munda dzuwa lili pamutu, amene akumwa HCT anyamule madzi akumwa, ndipo asadzuke mofulumira akakhala pansi, kuopa chizungulire. Palinso furosemide, amene ambiri amam'dziwa kuti Lasix. Iyeyu amakodzetsa mwamphamvu koma kwa maola ngati asanu ndi limodzi okha, ndipo malo ake ndi kwa odwala amene atupa thupi chifukwa mtima kapena impso zafooka. Kukodzetsa kwambiri sikutanthauza kuti ndiye mankhwala abwino koposa a BP.

Banja lachiwiri siliyang'ana madzi koma payipi. M'makoma a mitsempha muli timinofu tozungulira, ndipo kuti timinofuti tifinye, pamafunika kuti calcium alowe m'kati mwake kudzera pa timakomo ting'onoting'ono. Amlodipine ndi nifedipine amatseka timakomo timeneti, timinofu timamasuka, njira imakula, BP n'kutsika. Ena akamva za calcium amaopa kuti mafupa awo afooka. Mankhwalawa alibe nawo ntchito mafupa. Chimene chimasiyanitsa amlodipine ndi anzake ambiri ndi kukhalitsa. Thupi limatenga maola 30 mpaka 50 kuti lichotse theka la piritsi limodzi, choncho amamwedwa kamodzi patsiku, ndipo munthu akachedwa kumwa ndi maola angapo BP siilumpha nthawi yomweyo. Pa chifukwa chomwechi mphamvu yake yonse siioneka tsiku loyamba, imadikira sabata kapena kuposerapo. Chinanso n'chakuti amlodipine sasokoneza mchere wa m'magazi, ndiye safuna kuyeza magazi pafupipafupi. Kwa anthu a ku Maputo ichi n'chaching'ono. Kwa ife amene makina oyezera impso ali kutali, ndi chinthu chachikulu zedi.

Chimene anthu amadandaula nacho pa amlodipine ndi kutupa akakolo, makamaka madzulo, ndiponso makamaka akawakweza kuchoka pa 5 mg kufika pa 10 mg. Kutupaku kumabwera chifukwa mitsempha yopititsa magazi kumapazi yatseguka kwambiri pamene yobweza magazi sinatseguke mofanana, ndiye madzi amadontha n'kukhala m'minofu. Kawirikawiri si chizindikiro chakuti mtima wafooka, ndipo kumwa Lasix wa mnzathu sikuthetsa vutoli. Komabe kutupa kulikonse akuone namwino, chifukwa kutupa kwa mtima ndi kwa impso kumayambiranso kumapazi komweko. Ena amamva mutu ndi kutentha kumaso masiku oyamba, ndipo owerengeka amatupa nkhama. Za nifedipine tichenjeze chimodzi: alipo wa mitundu iwiri, wosungunuka pang'onopang'ono ndi wogwira msanga. Kale kunali chizolowezi choika wogwira msangayo pansi pa lilime BP ikakwera kwambiri. Madokotala anasiya kulimbikitsa zimenezi, chifukwa BP ikagwa mwadzidzidzi ubongo ndi mtima zimasowa magazi, ndipo sitiroko imene timathawa ija ingabwere nthawi yomweyo.

Banja lachitatu lili ndi mbiri yodabwitsa, pakuti linachokera ku ululu wa njoka. Ku Brazil kuli njoka yotchedwa jararaca, imene ikaluma munthu BP yake imagwa. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa kumeneko Sérgio Ferreira anapeza mu ululuwo chinthu chimene chimachititsa zimenezi, ndipo potsata nzeru yomweyo Miguel Ondetti ndi David Cushman ku America anapanga captopril, amene analoledwa kugwiritsidwa ntchito mu 1981. Pambuyo pake panabwera enalapril, lisinopril ndi perindopril. Onse maina awo amathera ndi pril, ndipo ndi bwino kukumbukira zimenezi. M'mapiritsimo mulibe ululu wa njoka ayi, anangotengako nzeru.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kotere. Impso zikaona ngati magazi akuzifika mochepa, zimatulutsa mthenga wotchedwa renin. Mthengayu amayambitsa ntchito imene mapeto ake ndi kupangidwa kwa angiotensin, chinthu chimene chimafinya mitsempha mwamphamvu ndi kulamula thupi kuti lisunge mchere. Mankhwala a pril amadula ntchitoyi pa sitepe yomaliza. Tsoka lake n'lakuti chida chimene amachiletsacho chilinso ndi ntchito ina yochotsa chinthu chotchedwa bradykinin, ndipo chimenechi chikaunjikana pakhosi ndi m'mapapo chimabweretsa chifuwa chouma, choyabwa pakhosi, chopanda makhololo. Pafupifupi munthu mmodzi pa khumi amakumana nacho. Kwathu kuno chifuwa chosatha chimatiopsa chifukwa cha TB, ndipo kukayezetsa n'koyenera ndithu. Koma poyezetsapo munthu anene kuti akumwa enalapril, pakuti alipo amene amatha ndalama pa mankhwala a chifuwa miyezi ndi miyezi pamene gwero lake lili m'kapiritsi ka m'mawa uliwonse. Akasinthiridwa mankhwala, chifuwacho chimatha, kawirikawiri pasanathe mwezi. Losartan, amene anabwera mu 1995, ndi abale ake othera ndi sartan amatchinga pamalo pamene angiotensin amafikira, ndiye amagwira ntchito yofanana popanda kutsokomoletsa kwenikweni. Wa pril ndi wa sartan samwedwa pamodzi, chifukwa akaphatikizidwa amavulaza impso.

Pali vuto lina losowa koma loopsa: kutupa milomo, lilime kapena nkhope mwadzidzidzi. Limachitika kawirikawiri kwa anthu akuda kusiyana ndi azungu, ndipo lingabwere ngakhale munthu atamwa mankhwalawo zaka. Amene zamuchitikira asamwenso piritsilo, athamange kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa lilime likatupa limatseka mpweya.

Tsopano tifike pamene pali nkhani yeniyeni kwa ife anthu a mu Africa. Madokotala anaona kalekale kuti ambiri a ife amene tili ndi BP, renin wathu amakhala wochepa, ndipo matupi athu amasunga mchere mosavuta. Ngati renin ndi wochepa kale, mankhwala odula njira yake alibe chambiri choti adule. N'chifukwa chake enalapril kapena captopril akamwedwa yekha satsitsa BP mwa ambiri a ife monga amachitira HCT kapena amlodipine. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ALLHAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anayerekeza mankhwala atatu mwa anthu oposa 33,000 ku North America, ndipo pafupifupi mmodzi pa atatu anali wakuda. Mwa anthu akudawo, amene anapatsidwa lisinopril anadwala sitiroko kwambiri, ndi 40 pa 100, poyerekeza ndi amene anapatsidwa mankhwala okodzetsa otchedwa chlorthalidone, amene ndi mbale wa HCT.

Koma awo anali anthu akuda a kutsidya kwa nyanja, odya zina ndi okhala moyo wina. Yankho la kwathu linabwera mu 2019 ndi kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anatsogolera ndi Dike Ojji wa ku Abuja, Nigeria, ndipo mmodzi wa amene anagwira naye ntchitoyi ndi Albertino Damasceno, dokotala wa mtima wa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Anatenga odwala 728 m'maiko asanu ndi limodzi: Cameroon, Kenya, Mozambique, Nigeria, South Africa ndi Uganda. Anawagawa patatu. Ena anamwa amlodipine ndi HCT, ena amlodipine ndi perindopril, ena perindopril ndi HCT, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anawayeza ndi makina amene munthu amavala usana ndi usiku. Magulu onse atatu BP inatsika, koma magulu awiri amene munali amlodipine inatsika kuposa gulu lachitatu lija ndi manambala atatu pa nambala yapamwamba. Wina anganene kuti atatu n'chiyani? Tikumbukire kuti akatswiri ataphatikiza makafukufuku 123 mu 2016 anapeza kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 10 kumachepetsa sitiroko ndi 27 pa 100. Manambala atatu pa munthu mmodzi saoneka, koma pa boma lonse la Chifunde ndi mabanja angapo amene sadzanyamula kholo lawo pa machira. Ife tikuona kuti phunziro la CREOLE n'lomveka: kwa munthu wa kwathu amene alibe matenda ena, pakafunika mankhwala awiri, ndi bwino kuti limodzi likhale amlodipine.

Tisafulumire kutaya enalapril chifukwa cha zimenezi. Alipo anthu amene kwa iwo ndiye mankhwala ofunika koposa onse. Wodwala shuga amene impso zake zayamba kudontha zakudya za thupi mu mkodzo amatetezedwa ndi pril kapena sartan kuposa ndi amlodipine, chifukwa mankhwalawa amachepetsa kukankha m'kati mwa tisefa ta impso momwemo. Wodwala amene mtima wake wafooka amakhala ndi moyo wautali akamamwa mankhwala amenewa. Ndiponso akaphatikizidwa ndi amlodipine amachepetsa kutupa kwa akakolo kuja. Choncho mukaona mnzanu wa shuga akumwa enalapril inu mukumwa HCT, palibe amene wakonderedwa. Chofunika kwa womwa pril kapena sartan ndi kuyezetsa impso ndi potassium nthawi ndi nthawi, pakuti mankhwalawa amakweza potassium pamene HCT amamutsitsa.

Amayi a Chigwirizano, ndime ino tikupempha kuti muifikitse kwa ana anu ndi apongozi anu. Mankhwala onse othera ndi pril kapena sartan saloledwa kwa mayi woyembekezera. Amawononga impso za mwana, amaumitsa madzi amene mwana amakhalamo, ndipo mwana angathe kufera m'mimba. Mayi amene akumwa mankhwalawa ndipo akufuna kutenga pathupi, kapena waona kuti mwezi wadumpha, apite kuchipatala msanga akam'sinthire. Asangosiya n'kukhala opanda mankhwala. Amene amaperekedwa kwa oyembekezera ndi methyldopa, nifedipine wosungunuka pang'onopang'ono, kapena labetalol. Methyldopa amagwira ntchito mu ubongo, kuchepetsa mauthenga olamula mitsempha kuti ifinye. Amagonetsa, amafuna kumwedwa kawiri kapena katatu patsiku, ndipo ena amawagwetsa mphwayi ndi kuwapatsa chisoni chosadziwika gwero, n'chifukwa chake sapatsidwa kwa aliyense. Koma wagwiritsidwa ntchito kwa oyembekezera zaka zambirimbiri ndipo mwana samuvulaza. Mayi wa pathupi popitirira miyezi isanu akamva mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kupweteka pansi pa nthiti, imeneyo si nkhani yodikira tsiku la sikelo. Jakisoni wa magnesium sulphate amene amam'baya akafika si wotsitsa BP, koma woletsa kukomoka, ndipo wapulumutsa amayi ambiri.

Za banja la atenolol ndi propranolol tinena mwachidule. Awa ndiwo amagwira dzanja la wopopa. Amatchinga mphamvu ya adrenaline, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono ndi mofatsa. Amene anapanga propranolol ndi James Black wa ku Scotland, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Kale atenolol ankaperekedwa koyambirira, koma kafukufuku wa ASCOT wa mu 2005, mwa anthu oposa 19,000 ku Ulaya, anapeza kuti oyamba ndi amlodipine anadwala sitiroko mochepa ndi 23 pa 100 kusiyana ndi oyamba ndi atenolol. Malangizo a WHO a 2021 sanawaike pa mankhwala oyambira. Akadali ofunika kwa amene anadwalapo mtima, amene amamva kupweteka pachifuwa akakwera chitunda, ndi amene mtima umawathamanga. Wodwala mphumu asawayandikire popanda dokotala, pakuti amatseka chifuwa. Amabweretsa kutopa ndi kuzizira zala, ndipo kwa wodwala shuga amabisa zizindikiro zakuti shuga watsika. Chachikulu n'chakuti sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa mtima umene unazolowera kugwiridwa dzanja umalumpha ukangomasulidwa.

Pali nkhani ina imene abambo sainena kuchipatala koma imawasiyitsa mankhwala mwakachetechete, ndiyo kufooka kuchipinda. N'zoona kuti atenolol ndi HCT amachititsa zimenezi kwa ena. N'zoonanso kuti BP yosasamalidwa, shuga, fodya ndi mowa zimawononga mitsempha yomweyo kuposa mankhwala. Amlodipine ndi losartan kawirikawiri sabweretsa vutoli. Safunsa anadya phula. Bambo angonena, am'sinthire.

Nanga bwanji ena amapatsidwa mankhwala awiri kapena atatu? Sikuti matenda awo afika posachiritsika ayi. Thupi lili ndi chizolowezi chobwezera. Tikatulutsa madzi ndi HCT, impso zimatulutsa renin wambiri kuti BP ibwerere, ndipo apo ndi pamene enalapril, amene yekha anali wofooka, amapeza choti adule. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akatswiri ataphatikiza makafukufuku 42 mu 2009 anapeza kuti kuonjezera mankhwala a banja lina kumatsitsa BP pafupifupi kasanu kuposa kuwirikiza mlingo wa mankhwala omwe aja, ndipo zovuta zake zimachepa chifukwa mlingo uliwonse ndi waung'ono. N'chifukwa chake WHO imalimbikitsa mankhwala awiri, makamaka osakanizidwa m'piritsi limodzi. Atatu akalephera, amene amaonjezeredwa kawirikawiri ndi spironolactone, koma ameneyu amafuna kuyeza potassium mosamala.

Ife a m'malire tili ndi msampha wathuwathu. Ambiri timadutsa pa Cassacatiza kupita ku Katete, ena ku chipatala cha St Francis, ena kumsika, ndipo ena tili ndi ana ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene amatitumizira mankhwala. Paketi ya kuno yalembedwa amlodipina, ya kutsidya yalembedwa amlodipine, mtundu wa piritsi ndi wosiyana, koma mankhwala ndi amodzi. Chimodzimodzi hidroclorotiazida ndi hydrochlorothiazide, metildopa ndi methyldopa. Munthu akamwa onse awiri wamwa mlingo wowirikiza, ndipo akagwa ndi chizungulire sadziwa chimene chamugwetsa. Wina amamwa captopril wa uku ndi enalapril wa uko, osadziwa kuti ndi ana a nyumba imodzi. Tisamazindikire mankhwala ndi mtundu wake, kuti kaja koyera kapena kaja kofiira, chifukwa mafakitale amasintha. Tizindikire dzina ndi nambala ya mamiligalamu, ndipo amene satha kuwerenga apemphe mdzukulu awalembere pa kapepala koyenda nako.

Zilipo zinthu zimene zimalimbana ndi mankhwala m'thupi. Ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula pa msika msana ukatipweteka pambuyo popalira, amachititsa impso kusunga mchere ndipo amafooketsa HCT ndi enalapril. Atatu amenewa akakumana m'thupi la munthu wokalamba impso zingathe kuima. Paracetamol ndiye wabwinoko. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya amlodipine ndi nifedipine, kotero BP imene inali bwino imayamba kukwera. Mankhwala a TB sasiyidwa. Chofunika ndi kuuza namwino kuti aziyeza BP kawirikawiri ndi kusintha pofunika kusintha. Amene ali pa ma ARV nawonso anene, chifukwa ena mwa mankhwalawo amasintha mphamvu ya amlodipine. Koma mdani wamkulu ali m'khitchini. WHO imati munthu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, amene ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuwerengera pamodzi wa m'ndiwo zonse. Nsomba za chicoa zochokera ku Cahora Bassa zimasungika ndi mchere wambiri, ndiye ziviikidwe ndi kutaya madzi ake zisanaphikidwe. Timabulu ta caldo ndi mchere wokhawokha, ndipo soda amene timathira m'therere nayenso ndi mbale wa mchere. Munthu wodya mchere wambiri akumwa HCT ali ngati wotunga madzi m'bwato lobooka.

Tinene mosapsatira za kusiya mankhwala, chifukwa nkhani imeneyi imatikhudza ife a mumpingo. Mankhwala onse tatchulawa amagwira BP, saichotsa. Munthu akayezedwa napezeka ndi 125 pa 80 ali pa mankhwala, umenewo ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito, osati wakuti matenda atha. Akasiya, BP imabwerera mwakachetechete pa masiku kapena masabata, iye akumva bwinobwino. Timapemphererana ndipo tidzapitiriza kutero, koma aliyense amene angauze wodwala kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro akusenza mlandu wa moyo wa mnzake. Amene wachepetsa thupi, wasiya mowa ndi mchere ndipo akuona kuti mwina mankhwala achuluka, apite akayezedwe, ndipo wochepetsa akhale namwino kapena dokotala. Pa masiku osala kudya mapiritsi amwedwe ndithu ndi madzi, ndipo womwa HCT, Lasix kapena enalapril asasale madzi tsiku lonse nyengo yotentha.

Nthawi imodzi imene mankhwala ena amaimitsidwa kwa kanthawi ndi pamene munthu akutsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri. Thupi likauma, HCT, Lasix, pril ndi sartan zimaumitsa impso moonjezera. Wotere amwe madzi a mchere ndi shuga a ORS, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kumeneko akamuuza mankhwala oti aime tsiku limodzi kapena awiri ndi tsiku loyambiranso. Za nthawi yomwera, kafukufuku wa ku Britain wa mu 2022 mwa anthu oposa 21,000 sanapeze kusiyana pakati pa omwa m'mawa ndi omwa madzulo, choncho munthu asankhe nthawi imene sangaiwale, kupatula okodzetsa amene ndi a m'mawa, ndi captopril amene amamwedwa kawiri kapena katatu patsiku munthu asanadye.

Woyamba kumene mankhwala kapena wosinthiridwa ayenera kubwerera kuchipatala mwezi uliwonse mpaka BP itatsika pansi pa 140 pa 90, ndipo ikakhazikika azipita pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Popita anyamule mapaketi onse amene ali nawo m'nyumba, a kuno, a kutsidya, ogula pa msika, ngakhalenso dzina la mankhwala azitsamba ngati akumwa. Asasute fodya kapena kumwa khofi kwa theka la ola asanayezedwe, ayambe wapita kuseri, ndipo amene wabwera pa njinga kapena wapansi akhale pa benchi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, asanapereke mkono.